Mzinga wa Sitima ya Achimwene

Achimwene anga atapuma ntchito ya usilikali wa panyanja, anabwerera kwathu ku Uliwa ndi akazi awo, katundu wa m'nyumba, ndi chipika cha mtengo wa malaina chokulungidwa m'bulangete. Ine ndinkayesa ndi mtondo wosatha kusema. Atachivundukula ndinaona kuti ndi sitima, yaitali ngati mkono wanga kuchokera paphewa mpaka kunsonga ya chala, yosalala bwino, yosongoka kumaso. Pamwamba pake panalibe kanthu kupatula kanyumba ka timatabwa pakati. Anaisema okha akadali kummwera, maso ali bwino. Inali chifanizo cha sitima yankhondo imene anathera nayo unyamata wawo wonse.

Pofika kwathu maso aja anali atachita ng'ala. Ankasiyanitsa kuwala ndi mdima, munthu akadutsa pakhomo ankaona chithunzithunzi, basi. Kuchipatala anawauza kuti ng'ala amachotsa, koma iwo anakana. Munthu amene anakhalira pakati pa mafunde ndi mfuti ankaopa kampeni ka dokotala.

"Diso si mbatata yoti munthu azisenda," ankatero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndine telala. Makina anga amakhala pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe amaima maminibasi a ku Karonga ndi ku Mzuzu. Ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu, madiresi a makwaya, ndi kuika zipi pa mabuluku otha. M'banja mwathu iwo ndi oyamba kubadwa, ine chitsirizira, moti pamene ankapita kukalowa usilikali ine ndinali ndikadali kumsana kwa amayi. Sindinakule ndi chizolowezi chowayankha. Kunyumba kwawo timalankhula Chichewa chifukwa alamu anga ndi a ku Mangochi, ndipo achimwenewo Chitumbuka chimawabwerera pokhapokha akakwiya.

Lamlungu lina nditapita kukawazonda, anandiitana ali pampando wawo pakhonde, sitima ili pamiyendo.

"Chemwali, tandipatsa dzanja lako."

Ndinawapatsa. Anagwiragwira zala zanga ngati munthu wosankha therere pamsika.

"Zala izi zimalowetsa ulusi pa singano?"

"Tsiku lililonse, achimwene."

"Ndiye zikwanitsa. Sitima iyi ili maliseche. Ikufunika mpanda, makwerero, nangula, mlongoti, mawindo ndi mzinga. Ine ndizikuuza, iwe uzipanga."

Ndinati sitima yankhondo sindinaionepo ngakhale patali. Iwo anati palibe vuto, yonse ili m'mutu mwawo. Alamu, amene ankapeta mpunga chapambali, anandiyang'ana n'kuweramitsa nkhope. Ndikanakhala wochenjera ndikanafunsa chimene anaweramira.

Tinayamba ndi mpanda, uja umazungulira m'mphepete mwa sitima kuti anthu asagwere m'madzi. Ndinaona ngati ndi ntchito ya madzulo amodzi. Ndinatenga mapini anga osokera, n'kuwazika mondondozana m'mphepete monse, kenaka n'kukulunga ulusi wotuwa kuchoka pa pini ina kufika pa inzake, mzere wapamwamba ndi wapansi. Zinaoneka bwino ndithu. Ndinanyamula sitimayo monyadira n'kuwaikira pamiyendo.

Anayendetsa chala pang'onopang'ono kuchokera kumaso mpaka kumbuyo.

"Mizere ilipo ingati?"

"Iwiri."

"Inali itatu."

Ndinamasula ulusi wonse n'kuyambiranso. Nditabwera nayo kachiwiri anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kamtengo ka machesi kodulidwa chapakati.

"Aka ndi ine," anatero. "Ndinakayeza kale maso akuona. Chilichonse cha pa sitima iyi chiziyezedwa ndi ineyo."

Anaimika kamtengoko pafupi ndi mpanda, n'kupapasa ndi chala.

"Mpanda unkandilekeza m'chiuno. Uwu wandifika m'khosi. Wamanga khola la ng'ombe kapena?"

Mapini onse aja anafunika kuwazula, kuwadula ndi chopanira waya, n'kuwazikanso. Pini ukamaidula kachidutswa kamauluka osadziwa kogwera, ndipo kwa masabata angapo tizidutswato tinkatizindikira ndi mapazi. Nditamaliza, anakankha ulusi ndi chikhadabo n'kunena kuti ukulendewera ngati chingwe choyanikapo zovala, pamene pa sitima yeniyeni panali waya wokungika. Ndinakapempha mota wa wailesi yakufa kwa wokonza mafoni wina, n'kumasula waya wake wamkuwa, wopyapyala ngati tsitsi. Waya ameneyo sagwira pa pini popanda guluu. Guluu wake ndi uja wa m'timachubu ting'onoting'ono, ndipo ndi kutentha kwa kwathu kuno amauma usanaphethire. Ankamata zala zanga kuposa mmene ankamatira wayayo. Tsiku lina chala chachikulu ndi chamkombaphala zinagwirana zolimba, mpaka alamu anachita kuzilekanitsa ndi lezala, iwo akuseka misozi ili mbwembwembwe, ine ndikutukwana chamumtima. Mawa lake ndili pamakina sindinkamva nsalu m'zala. Khungu linali gwa ngati chikopa cha ng'oma.

Mpanda wokhawo unadya mwezi wathunthu. Unali mwezi wotsegulira sukulu, nthawi imene telala amapezako bwino. Makolo ankabwera kudzatenga mayunifolomu n'kupeza ndikupinda tiwaya pamwamba pa makina. Mayi wina anatenga nsalu yake osasokedwa n'kupita nayo kwa telala wa tsidya la msewu ine ndikuona. Sindinamuimbe mlandu.

Sikuti zonse zinkavuta. Mawindo ozungulira a m'mbali ndinapanga ndi timphete ta pa mabowo a zingwe za nsapato, ndipo atatikhudza anangoti, "Eya," mawu amene kwa iwo ndi chiyamiko chachikulu. Mphete zopulumutsira anthu ogwera m'madzi ndinadula ku kapaipi ka labala, n'kuzikulunga ndi ulusi wofiira ndi woyera. Unyolo wa nangula unali mkanda wanga wachitsulo umene unali utayamba kundiyabwa m'khosi. Chimene amati rada, chija chimazungulira pamwamba pa mlongoti kuyang'ana sitima zina, chinafunika kachitsulo ka maukondeukonde, ndipo achimwene analamula kuti ndidule sefa ya tiyi ya m'nyumbamo. Alamu anazindikira m'mawa mwake akusefa tiyi, masamba onse ali m'kapu.

"Nkhondo imeneyi yafika kukhitchini tsopano?" anafunsa.

"Sefa igulidwa ina," anayankha achimwene. "Rada sagulitsa pa Uliwa."

Nangula ndiye anandiliza. Ndinamanga mbedza ziwiri za asodzi mofulatirana, ndipo kwa ine zinali nangula weniweni, monga ndimamuonera pa zithunzi. Iwo anadzilasa nazo chala, n'kuyamwa magazi, n'kundiuza kuti sitima yawo sinkapita kukawedza milamba. Nangula wawo anali ndi mapiko awiri afulati opindikira mbali imodzi. Ndinawapempha kuti ajambule pansi. Anajambula ndi chala pafumbi, koma poti sankaona pomwe mzere wayambira, chojambulacho chinatuluka ngati phazi la nkhuku. Ndinapala kiyi wakale ndi tupa, kubwera naye, kukana. Kupalanso, kukana. Makiyi otayika a pa Uliwa ponse anathera kwa ine. Amene anamuvomera pomaliza, kunena zoona, sindikuona kusiyana kwake ndi woyamba uja.

Vuto lalikulu linali lakuti iwo ankaona sitimayo bwinobwino m'mutu mwawo, ine ayi, ndipo pakati pathu panalibe china koma mawu. Ankati, "Kachitsulo kaja ka pafupi ndi pomangira zingwe," ngati kuti tinali limodzi kumeneko. Ndikafunsa kuti kotani, ankapsa mtima.

"Aliyense amakadziwa kameneko!"

"Aliyense wa kuti, achimwene? Ine ndimadziwa kolala ndi mkono wa malaya."

Kenaka tinafika pa mzinga, mfuti yaikulu ya kumaso kwa sitima. Imeneyi inali ntchito yawo yeniyeni ali msilikali. Ankaipukuta, kuithira mafuta, kuivundikira mvula ikamabwera. Akayamba kuifotokoza ankaimirira, miyendo tang'a, manja atagwira zogwirira zosaoneka, n'kumatembenuka nayo uku ndi uku pakhonde paja mpaka kugunda ndowa.

Woyamba ndinapanga ndi kapaipi ka m'kati mwa bolopeni, n'kukapaka utoto wakuda. Anakatenga, n'kukagogoda pa dzino.

"Pulasitiki," anatero, n'kukaponya pabwalo. Nkhuku zinakathamangira.

Wachiwiri unali wa nthiti ya ambulera. Anati ndi woonda ngati udzudzu. Ndinapita kwa fundi wa njinga kukatola mavavu a machubu otha ndi masipoko oduka. Fundiyo anandiyang'ana ndikusankha m'mulu wa zitsulo zake, n'kufunsa mokweza kuti anyamata a kabaza amve:

"Mama, nkhondo yake mukumenyana ndi ndani?"

Kuyambira tsiku limenelo a kabaza ankati akamadutsa pa makina anga, amaimika njinga n'kuchita sawasha ngati asilikali. Ndinkangoyang'ana pa singano.

Komabe mzinga umenewo unatuluka bwino, ndipo ndinganene mosadzitama kuti pa zonse zimene manja anga anapangapo, kuphatikizapo madiresi a ukwati, palibe chimene ndinachivutikira chotero. Thupi lake linali vavu ya mkuwa, mphuno yake sipoko yopalidwa mpaka kusalala. Chishango chotchinga wowombera ndinadula ku chitini cha nsomba, n'kuchipinda pa mpeni. Kuti uzitembenuka, ndinaukhazika pa bobini ya makina anga, kaja kokulungapo ulusi wapansi, ndipo inali bobini yanga yabwino. Fundi uja anandimatira zonsezo ndi mtovu. Achimwene anauzungulitsa ndi chala, kumanja, kumanzere, kuukweza, kuutsitsa.

"Walemera bwino," anatero. "Mzinga uzilemera."

Ndinapita kunyumba tsiku limenelo ndikuganiza kuti ntchito yatha.

Sabata yotsatira kunabwera mlendo, mnzawo amene anali naye pa sitima yomweyo, amene tsopano amalima chinangwa ku Lupembe. Anamva za sitimayo ndipo anapalasa njinga kudzaiona. Anali bambo wamfupi, wamawu aakulu, maso ake akuthwa ngati a mphamba. Achimwene ananditumizira uthenga kuti nditseke makina ndibwere, mlendo adzaone mmisiri. Ndinavala chitenje chatsopano.

Mlendoyo anaizungulira sitima ili patebulo, manja kumbuyo. Anayamikira mpanda. Anayamikira rada. Kenaka anaima.

"Makwerero awa akutani kuno? Anali mbali ya kumanzere."

"Kumanja," anatero achimwene.

"Kumanzere, bwana. Ndinagwapo ine pa makwerero amenewo, ndingaiwale? Ndipo mzinga sunali pafupi chonchi ndi kanyumba. Ukanawomba apa, mawindo onse akanasweka."

"Iwe unali wa ku injini! Unkakhala pansi ngati mfuko, za pamwamba unaziona liti?"

"Nanga pokadya ndinkadutsa pati?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Achimwene analowa m'Chitumbuka, mlendo n'kuwatsatira momwemo, alamu n'kutuluka kukakhala kuseri kwa nyumba. Chinandiwawa n'chakuti onse awiri ankalozera ine. Wina, "Chemwali, usakhudze kanthu." Wina, "Mama, tazulani makwererowo muone mmene zikhalire bwino." Mlendo uja mpaka anagwira makwerero ndi zala zake zonenepa kuti asonyeze pomwe ankayenera kukhala, ndipo makwererowo anathyoka. Makwerero amenewo ndinali nditawalumikiza ndi tizidutswa ta mapini, kamodzikamodzi, nditagwira mpweya kuti tisauluke.

Ndinatola chikwama changa n'kutuluka osatsanzika, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pakhomo pa achimwene. Ndili pamsewu ndinamva akuitana, koma sindinacheuke.

Ndinakhala masabata angapo osapondako. Ndinasoka zonse zimene zinaunjikana, khungu la m'zala linabwerera, ndipo ndinayamba kugona bwino. Kenaka tsiku lina masana alamu anabwera pa makina, n'kukhala pa benchi ya makasitomala. Anayamba ndi za mitengo ya tomato. Ndinadziwa kuti si zimene abwerera.

"Alamu, chonde bwererani," anatero pomaliza.

"Akutumani?"

"Iwo aja angatume munthu kukapepesa? Ndabwera ndekha. Inu simukudziwa. Sitima ija isanayambe kupangidwa, msilikali wawo ndinali ine. Mbale zizikhala pamzere, nsapato pamzere, madzi osamba pa nthawi yake. Mutayamba kubwera inu ndinapuma. Tsopano mwachoka, abwereranso kwa ine. Dzulo amafuna ndiwauze chifukwa chimene tsache lasinthira malo."

Ndinaseka ngakhale sindinkafuna.

"Ndiye mukufuna ndizikafera inuyo?"

"Tizigawana, alamu. Mtolo wake ndi waukulu."

Ndinabwerera chifukwa cha iwo. Achimwene sanatchule za tsiku lija, ine sindinatchulenso. Anangoti makwerero apangidwenso, ndipo aikidwe kumanja. Patapita masiku, ali chogonera pampando, ananena motsitsa kuti mwina mzinga usunthidwe pang'ono kupita kutsogolo, osati chifukwa cha zonena za wa ku injini uja, koma kuti iwo eni akumbukira bwino. Kusuntha mzinga kunatanthauza kuboola pena, kutseka bowo lakale, ndi kuzula mbali ina ya mpanda. Ndinachita, mano ali chilumire.

Zonse zitatha ndinaipaka utoto wotuwa, wosakaniza woyera ndi wakuda, n'kusoka kambendera kakang'ono ngati chikhadabo. Anthu ankabwera kudzaiona. Ngakhale a kabaza aja anasiya sawasha wachipongwe n'kuyamba kufunsa ngati ndingawapangire ndege. Ndinkayembekezera kuti tiika sitimayo pamwamba pa kabati, nkhani ithe.

"Sitima ya pa kabati si sitima," anatero achimwene. "Iyenera kulawa madzi."

Ndinawauza kuti guluu ndi madzi sizigwirizana. Alamu anati tingoiika m'bafa losambira. Iwo anakana, anati sitima yankhondo siyandama m'bafa ngati mwana wakhanda. Kunyanja anakananso, poti funde laling'ono kwa ife ndi phiri kwa iyo. Anasankha ngalande za minda ya mpunga ku Wovwe, komwe madzi amayenda mofatsa. Tinakwera njinga zamoto m'mawa wina, iwo kumbuyo kwa mnyamata wina, alamu kwa wina, ine ndili ndi sitima m'katoni pamiyendo, ndikuitchinjiriza pa bampu iliyonse ngati mazira.

Inali nthawi yowokera. Anthu anali m'minda, matope mpaka m'mawondo, ndipo ataona nkhalamba yovala malaya ositidwa ikutsogoleredwa pa mkumbira, kamtunda ka m'mphepete mwa ngalande, ambiri anaweramuka. Ena anabwera pafupi, mbande zili m'manja. Achimwene anamangirira ulusi wolimba kumaso kwa sitima, anagwada m'mphepete, n'kuiika okha pamadzi. Anaigwira kanthawi, kenaka anachotsa manja.

Inayandama. Ndinaona ndi maso angawa ikuyenda, mzinga uli patsogolo, kambendera kakugwedezeka. Kenaka inapendekera kumanja pang'onopang'ono, ngati munthu woledzera amene akufuna potsamira, n'kugudubuka. Chimene chinatsala pamwamba pa madzi ndi mimba yake yosalala.

Anthu aja anati, "Aaa!" Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa.

"Ikuyenda bwanji?" anafunsa achimwene, nkhope ili m'mwamba, ulusi uli m'manja.

"Ikuyenda bwino, bambo," anatero alamu mofulumira.

Ine bodza limenelo linandikanika. Mwina ndi mkwiyo wa miyezi yonse ija.

"Yagadabuka, achimwene. Miyendo ili m'mwamba."

Anakoka ulusi mwamphamvu, ndipo kukokako kunaikhulitsa pa simenti ya m'mbali mwa ngalande. Nditaivuula, mpanda wa mbali imodzi unali utaphwasuka, rada itapindika, ndipo pomwe panali mzinga panali bowo lokha. Anapapasa pamalopo. Asanatiuze kanthu, anatsetserekera m'ngalande ndi nsapato zomwe, madzi mpaka m'chiuno, n'kuyamba kufufuza m'matope a pansi ndi manja. Alamu anakuwa. Amuna awiri a m'munda analowa kukawathandiza, ine ndinakwinya chitenje n'kulowanso. Tinavuula nkhono, timiyala, chivindikiro cha botolo. Mzinga sunapezeke.

Titawatulutsa anakhala pa mkumbira, madzi akuchucha m'buluku.

"Zitsulo zachuluka pamwamba," anatero. "Sitima iliyonse imakhala ndi cholemera pansi pa mimba. Tikanaika mtovu."

"Munkadziwa zimenezo?"

"Aliyense amadziwa."

Apo ndiye ndinaphulika, pamaso pa anthu onse aja. Ndinawauza kuti pulasitiki wopepuka anataya ndi iwo, kuti mzinga uzilemera ananena ndi iwo, kuti bafa anakana ndi iwo. Ndinawauza za makasitomala amene anandithawa, za bobini yanga imene tsopano ili pansi pa ngalande ya Wovwe, za zala zanga. Ndinati munthu sangamange sitima ndi maso obwereka pamene ake akanatha kuchira akanapanda mantha. Mawu omalizawa anatuluka ndisanawayeze. Alamu anandigwira pamkono. Tinabwerera ku Uliwa aliyense pa njinga yake, ndipo sitima inaikidwa m'katoni pansi pa bedi.

Panapita mwezi ndi kanthu osaitchula. Ndinkapitako kukawazonda, tinkakamba za mvula ndi za maliro a m'mudzi. Kenaka mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku Mzuzu anandiimbira foni modabwa, kuti bambo ake amuuza kuti awapezere tsiku kwa dokotala wa maso. Anandifunsa kuti tawadyetsa chiyani. Ndinati sindikudziwa.

Anawachotsa ng'ala diso limodzi, lakumanzere, linalo anati lidikire. Pamene anali ku Mzuzu kuja ine ndinatulutsa katoni ija. Palibe anandituma. Ndinangoona kuti munthu akamabwera ndi diso latsopano asadzapeze bwinja. Ndinawongola rada, ndinamanganso mpanda, ndinabowola pansi pa mimba n'kuthiramo mtovu wa pa maukonde a asodzi. Ndinapanganso mzinga, ndi vavu ina ndi bobini ina, koma chishango chake ndinadula ku chitini chopepuka cha zakumwa. Ndinaiyesa m'bafa la alamu, ndipo inakhala chilili ngakhale nditavundula madzi ndi dzanja.

Tsiku limene anabwera, atavala magalasi akuda, anayamba ayang'ana akazi awo nthawi yaitali n'kunena kuti akalamba. Anayang'ana ine n'kunena kuti ndafanana ndi amayi. Kenaka tinawaikira sitima patebulo pafupi ndi zenera. Anavula magalasi, anatseka diso lodwala ndi chikhatho, n'kuweramira pafupi. Anayang'ana mpanda, pini ndi pini. Anayang'ana nangula, makwerero, mphete zofiira ndi zoyera zija. Anazungulitsa mzinga ndi nsonga ya chala. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, manja ali m'chiuno, ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso.

"Zonsezi unapanga ndi mapini?" anafunsa.

"Ndi mapini."

Anagwedeza mutu. Ndinaona ngati pakubwera mawu amene ndinawadikira chaka chonse.

"Koma utotowu si umenewu," anatero. "Yathu inali yotuwa mopita kobiriwira. Iyi yatuwa ngati phulusa."

Alamu anatuluka m'nyumba msangamsanga, mapewa akugwedezeka. Ine ndinapita pa shelefu, ndinatenga timabotolo ta utoto ndi kaburashi, n'kuziika patsogolo pawo.

"Maso muli nawo tsopano, achimwene. Pakani."

Anapakadi. Anasakaniza mtundu wawo, umene kwa ine ukuoneka ngati ndowe ya ng'ombe yodya msipu, ndipo anaupaka okha masiku angapo. Koma diso limodzi siliyeza bwino kutalika, ndipo manja awo amanjenjemera. Utoto unadontha pa mawindo anga a timphete ta nsapato. Unamata mizere itatu ya mpanda kukhala chimzere chimodzi chonenepa kumbuyo konse. Unalowa mu bobini, moti mzinga sutembenukanso, unangoloza kumanzere mpaka lero. Iwo akuti tsopano ndiye yafanana ndi yeniyeni, ndipo mlendo aliyense amamuonetsa.

Ili pamwamba pa kabati. Ndikapita kukacheza ndimakhala mpando woifulatira, chifukwa ndikaiyang'ana zala zimandiyabwa. Ndinawapempha kamodzi kuti ndipite nayo kwathu masiku awiri okha, ndikapale utoto wa pa mawindo ndi kumasula mzinga. Anakana. Anati ndingaiwononge.